Majidi ndi Nyenyezi ya Muubongo

Majidi Saidi anabadwira kukomboni ya Kalingalinga, m'nyumba imene bambo ake anamanga atangofika kuchokera ku Mangochi. Nyundo anaigwira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pofika zaka makumi asanu panalibe cha malata chimene chinkamuzunguza mutu, kaya mbaula, ndowa kapena zomwera nkhuku. Sukulu analekezera giredi seveni koma sankachita nazo manyazi. Ankati chinthu akachiona kamodzi, manja ake amachisunga.

Tsiku lina mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi, mayi wina anaima pashedi yake kudzagula mbaula. Anali Virginia Kalumba, mphunzitsi pakoleji ina ya anamwino. Ataona mmene Majidi ankapindira lata, anatulutsa pepala m'chikwama.

"Ba Majidi, mungakwanise kupanga ichi? Bana ba sukulu sibamvela nikalemba pa bolodi."

Papepalapo panali nsonga za minyewa ya muubongo, ziwiriziwiri, zoyang'anizana koma zosakhudzana. Virginia anati malo okumanirawo ndi sinapusi, ndipo uthenga umawoloka kampatako ngati timadontho ta mankhwala tochoka mbali ina kukalandiridwa mbali inayo. Masinapusi anali awiri oyandikana, ndipo pakati pawo panali chinthu cha manja ambiri ngati nyenyezi.

Patapita sabata Virginia anabwera kudzatenga. Minyewa yamalata inali pathabwa, yosalala bwino, koma pakati panali mbee.

"Nanga nyenyezi ili kuti?"

"Nasiya, madamu. Ija ni maluwa chabe, siigwila nchito."

Virginia sanakwiye. Anati ngakhale ophunzira kwambiri anakhala zaka zambiri akuganiza chimodzimodzi, mpaka maselo amenewa anawatcha giliya, kutanthauza guluu. Kenako anatapa timipira tachitsulo ta m'magudumu a njinga timene tinali m'chitini pambali, n'kutithira pampata woyamba. Tina tinakhala pomwepo, koma tambiri tinagubuduka pathabwa mpaka kukalowa pampata wachiwiri.

"Mwaona? Uthenga wa nyumba iyi wangena kwa ba neba."

Anafotokoza kuti selo la nyenyezilo limakumbatira mpata ndi manja ake n'kumayamwa mankhwala otsala. Likafunya manja, mankhwala amasefukira kusinapusi ya pafupi, nayonso n'kudzuka. Nthawi zina selolo limatulutsa mankhwala akeake oziziritsa yoyandikanayo kuti ina imveke bwino.

Majidi anaika nyundo pabondo. Ankaganiza za mlongo wake Jasmin wa ku Chawama, amene ankagwa khunyu chiyambire utsikana. Abale ankati ndi majini, ndipo Jasmin anasiya kupita kumaukwati kuopa kugwa pagulu.

"Nanga ngati nyenyezi yalema, uthenga wangena manyumba yonse pamozi, munthu angagwe?"

Virginia anati khunyu lili ndi zoyambitsa zambiri, ndipo sangaweruze za munthu amene sanamuone. Koma ofufuza apeza kuti mwa odwala ena maselo amenewa sayamwa bwino zotsala zija. Chimene ankadziwa motsimikiza n'chakuti ndi matenda a ubongo, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala.

"Siyani thabwa," anatero Majidi. "Mubwele pa Chisanu ya sabata ya mawa."

Nyenyezi yoyamba inali yolimba, manja osapindika. Yachiwiri anaiika mahinji a kabati, koma timipira tinkadutsabe pansi pake. Mnzake wokonza mawailesi ndiye anam'patsa masipika akufa, Majidi n'kuchotsamo maginito n'kuwakhomerera kunsonga za manjawo. Atatseka manja n'kuthira timipira, totsala tonse tinamatirira panyenyezi. Atawatsegula, tinathamangira kumpata wachiwiri. Anabwereza kasanu, akuseka yekha.

Virginia anaumirira kuti Majidi mwini wake akachionetse kukoleji. Majidi anavala mkanjo wake woyera, n'kukaima pamaso pa ophunzira makumi anayi. Mtsikana wina atafunsa ngati giliya amalankhula kapena amangosesa, iye anayankha kuti amachita zonse ziwiri, n'kumuitana kutsogolo kuti atsegule manjawo yekha.

Kwa Jasmin zinatenga nthawi. Majidi anapita ku Chawama katatu, ulendo wachitatu atanyamula thabwa lija pamiyendo m'minibasi. Mlongo wakeyo anaonerera timipira, ndipo Lolemba lotsatira analola kuperekezedwa kukiliniki. Kugwa sikunatheretu. Kunachepa mpaka kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo chaka chatha Jasmin anakavina paukwati wa mwana wa mchemwali wawo.

Masiku ano makoleji atatu ali ndi nyenyezi za Majidi. Mbaula akupangabe, chifukwa Juni akafika anthu amazifuna. Pathebulo lake pali pepala lina la Virginia, la impso, ndipo wakhala milungu iwiri akuyesa timapaipi ta firiji yakale kuti aone ngati tingasefe madzi.