Kachibangili ka Apongozi

Sitolo ya mipando ija ndi yaikulu moti mnzanga wina wa kutchalitchi kwathu ku Lanham analowamo asanakwatire, n'kutulukamo ali ndi mkazi ndi ana awiri. Sekani ngati mukufuna, koma ine ndinadya nawo mpunga wa chikumbutso cha ukwati wake. Mulibe zenera, mulibe wotchi. Pansi anajambulapo mivi, ndipo munthu umangoitsatira ngati ng'ombe yopita kudibi.

Tinapitako Loweruka lina kukafuna bedi la apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amene anali atangofika kuno kutsidya kwa nyanja kuchokera kumudzi. Apongozi anga ndi a mwambo weniweni. Chikwatirireni mwana wawo sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira amapatuka, inenso ndimapatuka. M'kanyumba kathu ka ku Alexandria, ka zipinda ziwiri, tinakhala mwezi wathunthu ine ndikungodziwa zidendene zawo. Mawu onse ankadzera mwa mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi. "Uwauze agogo ako kuti tiyi wapsa." Iye ankatembenuka n'kunena m'Chizungu, agogo n'kuyankha kuti zikomo, chifukwa anali atamva kale.

Pakhomo pa sitoloyo pali chipinda cha magalasi chosiyamo ana kwa ola limodzi lokha, muli dziwe la timipira. Mwana amavula nsapato, amamuveka kachibangili ka pepala kolembedwa nambala, kenanso n'kuveka amene wamusiyayo. Pamene ndinkafuna poimika galimoto, mkazi wanga analandira foni yoti athamangire kuchipatala kumene amagwira ntchito. Anandipeza pakhomo akupumira m'mwamba.

"Mwana ali m'timipira, amayi ali kumabedi. Ola limodzi basi, wamva? Usandichititse manyazi."

Anakwera takisi. Foni yake akafika kuntchito amaitsekera m'kabati.

Ndinazungulirazungulira, kenako ndinabwerera kukatenga mwana nthawi isanathe. Mtsikana wa ndolo pamphuno amene ankayang'anira anawo anayang'ana mkono wanga, osati nkhope.

"Kachibangili kali kuti?"

Ndinati ndine bambo wake. Mwanayo ankandibayibitsa kuseri kwa galasi, mphumi wake ndendende wanga. Mtsikanayo anati sakukana, koma mwana amatuluka ndi mkono umene unamulowetsa. Anandiuza kuti kachibangili anaveka mayi wachikulire wa duku. Ndinafunsa chimachitika n'chiyani ola likakwana. Anati amaitana mwini kachibangili pachimkuzamawu. Nanga akapanda kubwera? Anamwetulira pang'ono, n'kuyang'ana foni imene inali pakhoma.

Kholo lililonse la kwathu kuno limaidziwa foni imeneyo. Timaikamba motsitsa mawu tikatuluka m'tchalitchi: anthu aboma amene amabwera mwaulemu, atavala bwino, n'kunyamula mwana kupita naye kumene iwe sungafike popanda loya. Sindinawaonepo ndi maso. Koma afiti nawonso sindinawaonepo.

Ndinalowa m'mivi muja. Apongozi ndinawaona msanga, ali chiimire pakati pa matilesi, kachibangili kachikasu kali pamkono. Ndinayenda molunjika. Iwo atangoona nsapato zanga zikubwera, anachita chimene munthu woleredwa bwino amachita: anapatuka. Analowa kuseri kwa kabati. Nditafika kuseriko ndinapeza makatani akugwedezeka okha.

Ndikulumbira pali manda a bambo anga, mayi amene kunyumba amadandaula mawondo anadutsa makhitchini asanu ndi limodzi osagunda ngakhale supuni. M'sitolomo muli timakomo tachidule timene ngakhale ogwira ntchito satidziwa, koma iwo anatipeza tonse. Ndikatulukira kuzimbudzi zachionetsero, duku likukhota kumagetsi. Ndikafika kumagetsi, likuzimirira m'maluwa apulasitiki. Kufuula sindikanatha. Mkamwini afuulire apongozi pagulu, pakamwa pake payambire pati? Ndinayesa kutsokomola. Anawonjezera liwiro, poganiza kuti ndikupempha njira.

Nditabwerera kumagalasi, ana ena onse anali atatengedwa. Wanga anali atasiya kusewera. Anakhala yekha m'mphepete mwa dziwe, timipira tafika m'chiuno, akuyang'ana pakhomo. M'bokosi la nsapato munatsala zake zokha. Pambali pa mtsikana uja panaima mlonda wamtali, chala chili pa wailesi ya pachifuwa.

"Taitana kawiri pachimkuzamawu," anatero mlondayo.

Ndinati sadziwa Chizungu.

"Mwawapeza?"

Ndinati ndawapeza kambirimbiri.

"Ndiye bwanji sanabwere?"

"Akundithawa."

Ndinamva ndekha mmene mawuwo anamvekera. Mlonda anayang'ana mtsikana, mtsikana anayang'ana mwana, kenako anayang'ana foni ija. Mlonda anandifunsa mofatsa kwambiri chifukwa chimene mayi wachikulire angathawire bambo wa mdzukulu wake. Ndinati ndi ulemu. Anasuntha pang'ono n'kuima pakati pa ine ndi chitseko.

Mtsikanayo anali atagwira kale foni pamene ndinapempha chimkuzamawu. Anakana, anati n'cha antchito okha. Ndinati mawu ochepa chabe, m'chinenero chathu, zikakanika aimbe. Anayang'ananso mwana uja, amene anali adakali yekha m'timipira, n'kundikankhira kachitsulo kolankhulirako.

Ndinagwira kachitsuloko. Zaka zonsezi apongoziwo ndinali ndisanawalankhulepo. Ndiye ndinayang'ana mwana wanga kudzera pagalasi, ndipo sitolo yonse, kuyambira kumabedi mpaka kumapoto, inamva:

"Iwe mwana, uwauze agogo ako kuti abwere kutimipira msanga. Uwauze kuti akachedwa, anthu akutenga iweyo."

Mwanayo, mwa chizolowezi, anatembenuka kufuna woti amuuze, koma munalibe munthu.

Kenako tinamva patapata. Mawondo aja ankathamanga motsutsana ndi mivi, anthu akupatuka ndi ngolo zawo. Anafika duku litapendekeka, anaima chondifulatira, n'kutambasulira mtsikanayo mkono ngati akupereka magazi. Nambala zinafanana. Foni inabwerera pakhoma. Mlonda anatiperekeza mpaka pagalimoto, ndipo anaima pomwepo akutiyang'ana mpaka tinakhota.

Bedi sitinagule. M'galimoto mwana sanalire, anangogwira chitenje cha agogo ake ndi manja onse awiri. Titalowa mumsewu waukulu apongozi anakonza kukhosi.

"Uwauze bambo ako kuti ndimawaona nthawi yonse ija. Ndimadabwa kuti lero alowa chiyani, kundilondola chonchija."

Mwanayo sanapereke uthengawo. Anakhala masiku angapo osapereka uthenga wa munthu aliyense, ndipo tiyi ankazizira patebulo.