Zigoba Zitatu Zomwa Madzi Ambiri

Stanko Kofol anali mlenje wa dzina lokha. Chipewa chobiriwira anali nacho, chiphaso cha mfuti anali nachonso, koma pa zaka makumi atatu zimene anakhala m'gulu la alenje a m'mudzi wawo, kumtunda kwa tauni ya Tolmin, mbuzi za m'mapiri zimene anaziombera zonse zinafa ndi ukalamba. Wodziwa kuombera m'nyumbamo anali mkazi wake, Zdenka. Ameneyu ndiye ankabwera ndi nyama ndi zikho za mipikisano, Stanko n'kumazipukuta fumbi.

Komabe mkuluyu anali ndi pake pogwira. Chipolopolo chilichonse chimene Zdenka ankaombera chinali chothira wonga iye, ndipo anali atazolowera sikelo kuyambira ku positi ofesi kumene anapumira ntchito. Chigoba chamkuwa chotsala mfuti ikalira ankachiyeza chili chouma, kenako n'kuchidzaza madzi ndi jakisoni, dontho ndi dontho, mpaka madziwo afanane ndi mlomo wake, n'kuchiyezanso. Kulemera kwa madziwo kunkamuuza kukula kwa m'kati mwa chigobacho, ndipo akatero ankadziwa wonga woyenera kuthiramo. Chigoba chimatupa ndi moto n'kutengera mfuti imene chaomberedwamo, choncho zigoba za mfuti ya Zdenka ankazidziwa ngati ana ake. Anthu akamayamikira diso la mkazi wake, iye ankatsokomola pang'ono kuti akumbukire kuti disolo lili ndi womuthirira.

Lolemba lina Zdenka anamusiyira zigoba khumi zochokera ku bwalo loomberako. Zisanu ndi ziwiri zinamwa madzi monga mwa masiku onse. Zitatu zinamwa ochulukirapo. Stanko anaziumitsa n'kuyezanso, anasintha madzi, anapukuta magalasi, koma sikelo sinasinthe mawu. Zonse zinali ndi kadontho kofiira kamene iye ankapaka pa zipolopolo zake. Ndiye kuti zipolopolo zake zitatu, zothirira mkazi wake, zinalira m'mfuti ya munthu wina.

M'mudzimo mfuti ina yodya zipolopolo za mtundu umenewo inali imodzi yokha, ya Silvo Rutar. Silvo anali katswiri woombera, wamtali, woferedwa mkazi, ndipo kale anafunsirapo Zdenka Stanko asanatulukire. Nsanje inamugwira Stanko moti kwa masiku atatu anangotupa nkhope. Lachinayi, bambo wa imvi zake, anakapisa dzanja m'chidebe cha zinyalala ku bwalo kuja mpaka anapeza chigoba chimene Silvo anataya. Atachiyeza, madzi ake anangofanana ndi a zitatu zija.

Masana Zdenka akupakula supu wa nyemba ndi kabichi wowawasa, Stanko anandandalika zigoba zitatuzo patebulo.

"Mayi, zipolopolo zanga zikukatani m'mfuti ya Silvo?"

"Ndiye masiku onsewa mwatupa nkhope chifukwa cha timikuwa timeneti? Ine ndimati ndi dzino lija."

"Musandizembe. Sikelo sinama. Ine ndizikhalira kuwerama kuthira wonga, wina azikaombera akukusekererani?"

"Pa ukalamba uno, a Stanko? Silvo wake uti, yemwe akaseka amayamba wagwira mano kuti asagwe?"

"Ndiye mundiuze."

Zdenka anaika chipande pansi n'kukhala.

"Miyezi iwiri tsopano ndikuphonya. Ndimafuna kudziwa ngati vuto ndi zipolopolo, mfuti, kapena ine. Silvo anaika zanu zitatu m'mfuti yake, zonse zinalowa bowo limodzi."

Stanko anafuna kukalipa kuti chipolopolo chothirira mfuti ina sachiika m'mfuti ya eni, munthu akhoza kuduka zala. Koma mawu oti bowo limodzi anamukomera, ndipo anadzida chifukwa chokomedwa.

"Nanga zisanu ndi ziwirizo si munaombera ndinu?"

"Ayi. Anaomberanso ndi Silvo, m'mfuti yanga. Nazonso zinapita pamodzi. Mfuti ilibe vuto, zipolopolo zilibe vuto. Diso lakumanjali lachita ng'ala. Chandamale ndikumachiona ngati chili m'nkhungu."

Supu anazizira m'mbale. Stanko anamumvera chisoni mkazi wake, inde, koma kunena zoona chimene chinayamba kumubaya si ng'alayo ayi. Chinamubaya n'chakuti Silvo anadziwa iye asanadziwe. Munthu amene ankazindikira dontho limodzi la madzi likachuluka anakhala miyezi iwiri tebulo limodzi ndi diso lodwala osaona kanthu.

"Bwanji simunabwere kwa ine?"

"Mukanandiomberera ndinu? Inu mukanaphonya, tonse tikanati ndi mfuti."

Apa mudzi wonse ukanamuchitira umboni Zdenka.

"Mawa ndikukauza a gulu kuti chaka chino sindikwera phiri," anatero mayiyo. "Mwina achipatala akakonza, mwina ayi."

"Ndiye ine ndizithirira ndani?"

Zdenka anamuyang'ana ndi diso labwinolo, n'kukankhira mbale kwa iye.

"Silvo wati sanaomberepo zipolopolo zabwino ngati zanu. Akubwera Loweruka ndi zigoba zake kuti mumuyezere."