Tepi ya Ukwati wa Achimwene

Ndinadzuka kunja kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi kunyumba kwa malemu achimwene ku Wigston, kuno ku England. Amayi a kumpingo amene anachezera kuimba anali atatheratu, ena akusinza atatsamira khoma, ena akuvala yunifolomu kuti akagwireko shifiti n'kudzatipeza kumanda. Kuseri anali atayatsa kale mbaula za gasi, poti kuno ukasonkha moto wa nkhuni aneba sachedwa kudandaula.

Ndikumwa tiyi, Tadala, mwana wa malemu, anandionetsa tepi ya vidiyo yolembedwa kuti UKWATI. Anaipeza m'katoni ndipo anali atabwereka kale makina akale oonetsera. Ankafuna kuti tikachoka kumanda akadzidzimutse nayo anthu ku holo. Bambo ake ankathawa kamera, choncho iye analibe paliponse pomwe akanamveranso mawu awo. Ine tepiyo ndinkaidziwa.

Achimwene anali chidakwa cha mafilimu. Tili ana ku Limbe ankandikokera ku kanema nthawi isanakwane, kuti tisaphonye matirela, tizidutswa tija toonetsa mafilimu amene akubwera. Atafika ku England anapeza pulogalamu ya pa TV, bambo wina atakhala pampando kuonetsa tizidutswato n'kumagamula kuti iyi ndi yabwino, iyi musatayire nthawi. Ankaijambula sabata iliyonse, n'kumakangana naye bamboyo ngati akuwamva. Mapulogalamu otere atayamba kuzilala, matirela n'kusamukira pa foni, ankadandaula kuti masiku ano aliyense ndi woweruza.

Ine nditangofika kumene kuchokera kumudzi, ndikukhala kwa iwo ku Highfields, anandiimbira ali kuntchito kuti ndiwajambulire pulogalamuyo. Ndinatola tepi yomwe inali pafupi osawerenga, n'kuisiya ikuyenda mpaka kumapeto. Ukwati wonse unafufutika. Nditawauza anati ndisauze munthu. Ndinamvera zaka zonsezi, ndipo m'mawa umenewu ndinamveranso. Kunena zoona, unali mantha basi.

Anthu anayamba kufika cha m'ma naini, a ku Nottingham, a ku Derby, anzathu a ku Zambia, ndi bambo wina wachimwenye wobadwira ku Limbe amene anabweretsa matumba a mpunga n'kupepesa m'Chichewa chomveka kuposa cha ana athu. Kunkagwa mvula yowaza, yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa. Galimoto zinandondozana pang'onopang'ono, ndipo mkulu wina wachizungu anaima m'mbali mwa msewu n'kuvula chipewa. Kumanda tinapeza dzenje lokumbidwa kale ndi makina. Tinapempha mafosholo kuti tikwirire tokha, azimayi akuimba, zitenje zili pamwamba pa majekete.

Ku holo, anthu atadya, Tadala anaimirira n'kulankhula m'Chingerezi kuti tione bambo ake ali mnyamata. Magetsi anazimitsidwa. Pakhoma panatulukira mzungu wa tayi, atapinda miyendo, akunyoza filimu ina ya nkhondo. Anthu anayang'anizana. Kenako wina kumbuyo anati, "Koma abale, mpaka kurekodera pa ukwati wawo womwe!" Holo yonse inafa nacho chiseko, ena akupukuta misozi, akuti ndi iwowo ndithu, sadzapezekanso wina. Tadala sanaseke. Anathamangitsa tepi mpaka kumapeto, n'kuibweza, n'kuithamangitsanso. Ine ndinali pomwepo nditagwira mbale, ndikumva anthu akumunamizira m'bale wanga tsiku lomuika.

Madzulo alendo atabalalika, nyumba inakula. Tadala anakwera kuchipinda osadya. Alamu anakhala kukhitchini akupinda zitenje zonyowa, ndipo ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza zonse, kuyambira foni ija.

Anasiya kupinda n'kundiyang'ana.

"Inu? Iwo anandiuza chaka chomwecho kuti anafufuta ndi iwowo. Ndinatha mwezi osawalankhula. Ndinafuna kubwerera kwathu."

Sanakalipe. Anati achimwene ankaopa kuti akanena zoona ndithamangitsidwa pakhomo ndilibe kolowera, ndipo mwina sankalakwitsa. Kenako analoza kudenga ndi mutu.

"Mwanayo wagona atakwiyira bambo ake. Pitani."

Ndinavula nsapato pansi pa masitepe. M'nyumba monse munkangomveka firiji. Pansi pa chitseko chake pankatuluka kuwala, ndipo ndinagogoda.