Sanza za Buluu

Chovala chija ndimachikumbukira bwino. Chinali cha buluu, chodulidwadulidwa m'munsi ndi sizasi, chonunkha sopo wa kuntchito kwa amayi amene sankachoka ngakhale muchape kangati. Pachifuwa, chakumanzere, panali timabowo tiwiri ta pini. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkaona ngati mu Ilford monse munalibe mwana wa sanza zokongola ngati zanga.

Inali nyengo imene masamba amayoyoka n'kumaterera m'misewu, m'zaka zija za m'ma 2000 pamene tinkaimbira foni kumudzi ndi makadi ochita kukala. Tinkakhala pamwamba pa sitolo ya nkhuku zokazinga, ine, amayi ndi malume, mlongo wawo wamng'ono amene ankaphunzira ku yunivesite. Amayi ankasamalira okalamba m'nyumba ina ku Romford. Chilolezo chathu chokhalira m'dziko muno, cha amayi ndi ine, chinali chomangirira pa ntchito imeneyo. Bwana akanati basi, ndiye kuti basi. Izi ndikuzidziwa lero. Panthawiyo ndinkangodziwa kuti yunifolomu ya amayi sakhudza ndi manja a mafuta, ndipo amaisita Lamulungu lililonse mpaka kolala iime.

Kusukulu temu imeneyo tinkaphunzira za ana a m'mafakitale a thonje a kalekale. Aphunzitsi athu, mayi wa mtima wabwino amene misozi inali pafupi, anatiuza za ana okwawa pansi pa makina kutola ulusi, ena n'kudukako zala. Anatiuza za eni mafakitale amene ankati boma lisalowerere, munthu aliyense ndi mfulu kugulitsa mphamvu zake mmene wafunira. Kenako ankafika pamene ankapakonda kwambiri: antchito anagwirizana, anapanga mabungwe, anthu ena a chifundo anawathandiza, malamulo anasintha. Ankamaliza mofanana nthawi zonse, kuti chifukwa cha anthu olimba mtimawo, zoterezi zinatha. Kumapeto kwa temu tinayenera kuchita sewero pamaso pa makolo, aliyense atavala sanza.

Nditawauza amayi anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Sanza? Ine ndinakwera ndege ulendo wonse uja kuti mwana wanga akavale sanza pamaso pa azungu? Ukavala diresi ya kutchalitchi." Ndinalira, ndinawayankha m'Chingerezi, koma sanasunthe.

Masiku omwewo kuntchito kwawo makina onyamulira okalamba anali atawonongeka, ndipo bwana sankafuna kuwakonzetsa. Amayi ankanyamula anthu akuluakulu ndi manja, kuchoka pabedi kupita pampando, kuchoka pampando kupita kubafa. Akafika kunyumba ankagona chafufumimba pa kapeti, ine n'kumawaponda kumsana ndi mapazi, nditagwira khoma. Kwa ine anali masewera. Akabuula ndinkaseka.

Kenako anzawo a kuntchito anayamba kukumana ndi bambo wina wa yuniyoni, bungwe la antchito, ndipo anapangana zoti onse avale baji yofiira mpaka makinawo atakonzedwa. Malume nkhaniyi inawakomera ngati mpira. Ankaikamba akudya, akuloza ndi foloko. "Achemwali, kuno ufulu uliwonse wa wantchito anthu anachita kuumenyera. Zili m'mabuku. Musaope."

"Iwe chilolezo chako chili ku yunivesite," anatero amayi. "Changa chili m'thumba la bwana."

Malume anali munthu wanzeru, ndipo zimene ankanena zinali zoona. Koma manja awo anali ofewa, ndipo mpaka lero ndikawamva akukamba za kulimba mtima, ndimasiya kudya.

Poyamba amayi bajiyo ankaibisa mkati mwa kolala. Tsiku lina gogo wina wa kumeneko anatsala pang'ono kuwapulumuka m'manja kubafa. M'mawa mwake ndinawaona ataima pa galasi akubaya bajiyo pachifuwa, poyera. Anandifunsa ngati yawongoka. Ndinati eya.

Sipanapite nthawi yaitali. Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, amayi sanatulutse simbi. Anatenga yunifolomu ija, naiyala patebulo, nayamba kuidula. Anachotsa manja, anang'amba m'munsi, anaipaka polishi wa nsapato kuti ioneke yakuda. "Si umafuna sanza? Tabwera ndikuyese." Ndinavina m'nyumba monse. Malume anatuluka panja.

Zimene amayi sanandiuze ndi izi. Makina aja anakonzedwa, ndipo a yuniyoni anati apambana. Antchito obadwira kuno amene anavala baji palibe anawakhudza. Koma aja a chilolezo bwana anawapezera zifukwa mmodzimmodzi, uyu wachedwa, uyu walankhula mwano, n'kuwachotsa ntchito, amayi ali m'gulu lomwelo. Bambo wa yuniyoni anati wamva chisoni kwambiri, koma nkhani za zilolezo si mbali yawo. Amayi anatha zaka zotsatira akukolopa m'maofesi pa dzina la mayi wina, akuchita mantha aliyense akagogoda pachitseko, mpaka msana unakana. Malume analemba pepala lawo la digiri pa za antchito obwera amene amaima nji, ndipo anakhoza bwino zedi. Ine sindidana ndi mabungwe a antchito, inenso lero ndili m'bungwe la manesi. Koma ndikamva mawu akuti tapambana, ndimayamba ndayang'ana amene sali m'chipindamo.

Sewero linachitika Lachitatu m'mawa. Holo ya sukulu inkanunkha mbatata zophikaphika ndi majasi onyowa. Ine ndinali mtsikana wokwawa pansi pa makina a makatoni, ndipo mnyamata wina wovala chipewa chachitali cha pepala anabwera kudzandidzutsa. Nditaimirira ndinawaona amayi. Anali kumbuyo, atatsamira khoma, chifukwa timipando tathu tija msana wawo sukanatitha. Chiyambire sukulu anali asanabwerepo ku chilichonse, nthawi zonse ankakhala ku shifiti. Mtima wanga unadumpha moti ndinaiwala mawu anga. Pomaliza ana tonse tinagwirana manja n'kufuula pamodzi kuti zoterezi zinatha, makolo n'kuwomba m'manja. Amayinso anawomba.

Aphunzitsi anawatsatira pakhomo, maso ali ofiira, n'kuwauza kuti chovala changa chinaposa cha aliyense, chinkaoneka ngati cha wantchito weniweni. Anafunsa kumene anachipeza. Amayi anamwetulira. Anati ndi chinthu chakale chabe, chinatha ntchito.

Pobwerera tinayenda wapansi, ine ndikadali m'sanza zanga, chala chikuseweretsa timabowo ta pini tija. Ndinawafunsa ngati mawanso adzabwere kudzanditenga.

"Ndibwera," anatero. "Ndi mkuja yemwe."

Ndinadumphadumpha mpaka kufika kunyumba. Ndinkaganiza kuti bwana wawo ndi munthu wabwino kwambiri.