Khoma la Nyumba Yanga ndi Ng'ala ya Bambo

Chaka chomwe chiwawu chinatentha kachewere wathu yense ku Tsangano, ndinauza mkazi wanga Nagama kuti ndikupita ku Joni. Ndinali nditatopa ndi kulima kuti mavenda a malole azidzatitchulira mtengo ngati akutichitira chifundo. Tadala, mwana wathu woyamba, anali ndi zaka zisanu, wachiwiri ali kumsana. Bambo anga, amene anagwirapo ntchito kumigodi ali mnyamata ndipo tsopano anali mkulu wa mpingo, sanandiletse. Anangondipempherera pakhonde, pemphero lalitali moti galimoto yoyamba ya matola inandisiya.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya bwana wina. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndekha, wolankhula naye ali galu wa bwanayo. Poyamba Lamlungu ndinkapita kukapemphera ndi Amalawi anzanga m'kalasi ya sukulu ina yomwe tinkabwereka. Kenaka ndinaona kuti Lamlungu ndiye tsiku la maganyu abwino, ndipo ndinasiya. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo maso anga ankakhala pa nyumba ya bwanayo: khoma loyera, mawindo aakulu, matailosi owala ngati madzi. Sindidziwa tsiku lomwe nyumbayo inandilowa mumtima. Ndinangozindikira kuti ndikuifuna, ndipo ndikufuna iime ku Tsangano, pamtunda, aliyense wopita kumsika aziiona.

Ndalama ndinkatumiza, zimenezo palibe anganditsutse. Koma foni iliyonse inali ya simenti, malata ndi amisiri. Ndikati, “Nditumizireni chithunzi cha khoma,” Nagama ankaimika ana patsogolo pa khomalo, atawadzoza mafuta, atavala za kutchalitchi. Zinkandinyansa zedi. Tsiku lina ndinamulembera kuti, “Achotseni anawo, akutchinga zenera.” Anatumiza chithunzi cha zenera lokhalokha. Panthawiyo ndinaganiza kuti wayamba kumva. Lero ndikakumbukira uthengawo ndimafuna kudzimenya khofi.

Ndinabwerako patatha zaka zisanu ndi ziwiri, mapepala ondilola kukhala ku Joni atatha, nyumbanso itatha. Nditatsika pamsika wa Tsangano, mtsikana wina wamtali anagwira chikwama changa. Ndinamulanda mwaukali, poti ku Joni wogwira chikwama chako si mbale wako.

“Siya katundu wa eni, iwe!”

“Ndine Tadala, ababa,” anatero, akuyang'ana pansi.

Anthu ogulitsa kabichi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndinayamba kudandaula za dzuwa ndi fumbi, ngati ndizo zinandiphimba m'maso.

Kunyumba nako kunali zondipsetsa mtima. Pabalaza, pa matailosi omwe ndinawasankha ndekha pafoni, Nagama anali atayalapo mbewu ya kachewere kuti iphuke. Bambo ndi mayi anali akadali m'kanyumba kawo kaudzu, chipinda chomwe ndinawamangira chili chotseka. Nditafunsa, mayi anati matailosi amaterera, ndipo munthu wosaona angathyoke chiuno.

“Wosaona ndani?”

Bambo anatuluka akupapasa khoma. Maso awo onse awiri anali oyera ndi ng'ala.

Ndinatembenukira Nagama. “Bwanji simunandiuze?”

“Ndinakuuzani kanayi, abambo a Tadala. Koyamba munati ndiwagulire mankhwala odontheza m'maso. Kwinako munayankha za siling'i.”

Ndinatulutsa foni kuti ndimutsutse pamaso pa onse. Mauthengawo anali momwemo, onse anayi, ndi mayankho anga pansi pake.

Bambo anandikhazika pampando n'kundigwira bondo. Ndinadziwa kuti ulaliki wayamba, ndipo sindinali wokonzeka kuumva ndi njala ya paulendo.

“Isaki,” anatero, “Ambuye Yesu ine sindinawaonepo ndi maso awa, ngakhale pomwe ankaona bwino. Koma m'mawa uliwonse ndimakhala pansi n'kuwayang'ana mumtima, zomwe anachita, momwe anafera ife. Ndikawayang'anitsitsa, chikondi chimabwera chokha, sindichita kuchikakamiza. Mtima sukonda chinthu chomwe suchiyang'ana. Iwe uli ndi maso awiri abwinobwino. Zaka zonsezi unkayang'ana chiyani?”

“Ndinkagwira ntchito, ababa. Nyumba iyi sinagwe kumwamba.”

“Sindinati inagwa kumwamba. Ndafunsa chomwe unkayang'ana.”

Ndinanyamuka n'kupita kukazungulira nyumba yanga, ndikung'ung'udza. Munthu wavutika kwa eni, wadya buledi ndi madzi, wabwera ndi nyumba ya malata, koma pomulandira akumufunsa mafunso a m'kalasi ya ubatizo! Chomwe chinandiwawa kwambiri n'chakuti yankho ndinkalidziwa.

Patapita milungu itatu tinamva kutchalitchi kuti kuchipatala cha pa Boma kwabwera madokotala a maso. Bambo anakana kawiri, akuti akalamba ndipo njira ya kutchalitchi akuidziwa ndi mapazi. Ndinawakweza galimoto tikukangana, mayi atanyamula kadengu ka zakudya. Anawachita opaleshoni diso limodzi, ndipo m'mawa mwake namwino anamasula bandeji. Ine ndinaima kutsogolo kwenikweni, nditavala jekete yanga ya ku Joni.

Bambo anaphethira kangapo, misozi ikutsika. Maso awo anandidutsa n'kukaima pa mayi.

“Nangozo, imvi zonsezi mwazitenga kuti?”

“Kwa inu nomwe ndi mwana wanuyu,” anayankha mayi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Kenaka anandiyang'ana ine, kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

“Nanga bambo awa ndi adokotala?”

“Ndi Isaki uyu,” anatero mayi.

“Isaki analibe mimba yotere. Tayandikira.”

Ndinagwada pambali pa bedi. Anandigwira masaya ndi manja awiri ngati kamwana, odwala ena onse akuonerera. Ndinati, “Ababa, anthu akutiyang'ana, ndiponso bedili akulifuna ena.”

“Adikire,” anatero. “Ndakukonda mumdima nthawi yaitali. Khala pomwepo ndikuone kaye.”

Namwino anaima n'kudikira, nsalu zoyala zili m'manja. Ndinakhala chogwada pa simenti yozizirayo mpaka mawondo anachita dzanzi.