Nditalanda Timu ya a Banda

"Ngati mumaudziwa mpira kutiposa, a Phiri, ikonzeni nokha timuyi!" anakuwa a Banda, aphunzitsi oyang'anira timu yathu ya ku Katete. Inali nthawi yopuma, tisanawagoletse a ku Sinda, ndipo ndinali nditawalalatira a Bandawo kuyambira pachiyambi kuti akuika anthu ochepa kutsogolo.

Ndikanangokhala pansi. Koma anthu onse ankandiyang'ana, osadziwa kuti kusekondale ndinkathawa mpira, sindinaumenyepo n'kamodzi komwe.

"Nonse kutsogolo!" ndinalamula. Kumbuyo kunatsala goloboyi yekha, mlamu wanga. Zigoli zinayi zinalowa m'golo lathu ine nditangoima. Mbuzi yomwe inali mphotho ya opambana inapita ku Sinda.

M'mawa mwake ndinapita kukamupepesa mlamu wangayo, koma nditafika ndinamukalipira kuti sadziwa kugwira mpira.