Ndinati Ndi Mapulagi

Bambo Nkhoma atabweretsa pikapu yawo pagalaja panga ku Biwi, injini inkangoti phu! phu! kumene imakokera mpweya. Ndinadziwa kuti valavu ina sinkatseka bwino. Koma injini yamtundu umenewo ndinali ndisanaitsegulepo, ndipo amakaniki anzanga ankandiyang'ana.

"Ndi mapulagi awa, bambo," ndinatero, nkhope ili gwa ngati katswiri.

Ndinasintha mapulagiwo, n'kuponda moto kwambiri kuti kuphulikako kusamveke.

Loweruka lake ndinaipeza pikapu ija itafera pamsewu ku Kawale, itanyamula maliro. Azibambo ankatsitsa bokosi kuti alisenze pamapewa, azimayi akuimbabe nyimbo. Bambo Nkhoma atandiona anadzandigwira dzanja.

"Musadandaule amisiri, inu munayesetsa."

Mpaka lero injini ikangoti phu, ndimamva mawu amenewo.